Henry Dreyfuss: Mmisiri yemwe ankayamba waona anthu asanajambule katundu

Mumzinda wa Sioux City, m'chigawo cha Iowa ku America, kampani ya RKO idatsegula nyumba yoonetsera kanema yomwe idali yokongola kuposa zonse m'deralo. Mipando yake idali yawofuwofu, nyali zake zowala, ndipo polowera adayalapo kapeti yofiira, yokhuthala, yamtengo wapatali. Koma anthu sankalowamo. Alimi a m'midzi yozungulira mzindawo ankafika pakhomo, n'kusuzumira, kenako n'kupitirira. Kutsitsa mtengo wolowera sikudathandize. Kuonjezera makanema oonera pa tikiti imodzi nakonso sikudaphule kanthu.

Mnyamata yemwe adatumidwa kuchokera ku New York kuti akapeze chomwe chidavuta adali Henry Dreyfuss. Malinga ndi momwe iye mwini adadzasimbira pambuyo pake, adaima panja pa nyumbayo masiku atatu akuyang'ana anthu odutsa. Kuona maso a nkhono n'kudekha: adazindikira kuti alimiwo ankaopa kuponda kapeti yokongolayo ndi nsapato zawo zamatope. Adalamula kuti kapetiyo ichotsedwe ndipo m'malo mwake ayalepo mkeka wamba wamphira. Anthu adayamba kulowa.

Mlimi aliyense akadafunsidwa chifukwa chomwe sankalowera m'nyumbamo, n'kutheka akadatchula mtengo kapena kusowa nthawi. Ndi ochepa omwe akadavomera kuti ankachita manyazi ndi nsapato zawo. Apa ndi pomwe padagona ntchito ya moyo wonse wa Dreyfuss. Iye ankakhulupirira kuti chomwe munthu akusowa sichidziwika uli khale mu ofesi, ndiponso sichituluka chonse pongomufunsa. Umayenera kupita komwe ali, kumuona akugwira ntchito, kuigwira ntchitoyo iwe mwini, kumuyeza thupi, kenako n'kulemba mwatsatanetsatane zomwe katunduyo ayenera kukwaniritsa, zonsezi usanagwire pensulo yojambulira.

Kuchokera ku zisudzo

Henry Dreyfuss adabadwa pa 2 Marichi 1904 ku Brooklyn, mumzinda wa New York. Adaphunzira pasukulu ya Ethical Culture mumzinda womwewo, sukulu yomwe inkalimbikitsa ana kuphunzira ntchito zamanja ndiponso kuganizira ubwino wa anthu ena. Atamaliza, adakaphunzira ntchito kwa Norman Bel Geddes, katswiri wokonza mabwalo a zisudzo yemwe panthawiyo adali wotchuka kwambiri ku Broadway. Kuchoka apo adalembedwa ntchito ku Strand Theatre, komwe ankakonza maonekedwe a bwalo la zisudzo zomwe zinkasintha sabata ndi sabata.

Ntchito ya zisudzo idamupatsa maphunziro awiri omwe sadawataye. Loyamba lidali lakuti chinthu chimaweruzidwa ndi munthu yemwe wakhala pampando kuchiyang'ana, osati yemwe wachipanga. Lachiwiri lidali lakuti luso liyenera kukwana m'nthawi ndi m'ndalama zomwe zilipo, chifukwa katani imatseguka pa ola lake, kaya wokonza bwalo wamaliza kapena ayi.

Chakumapeto kwa zaka za m'ma 1920, sitolo yaikulu ya Macy's idamupempha kuti aone katundu yemwe inkagulitsa ndi kumukongoletsa kuti aziyenda malonda. Kwa mnyamata wa msinkhu wake, udali mwayi wosowa. Dreyfuss adayendera mashelefu a sitoloyo, n'kuikana ntchitoyo. Adaona kuti mpeni, mbaula kapena wotchi ikafika pashelefu, zonse zofunika zimakhala zitagamulidwa kale kufakitale: chitsulo chomwe agwiritsa ntchito, makina oumbira, ngakhale mtengo wake. Wobwera pamapeto angathe kungopaka utoto. Kuti katundu asinthe zenizeni, wolinganiza ayenera kukhala pamodzi ndi mainjiniya a kufakitale kuyambira tsiku loyamba.

M'chaka cha 1929 adatsegula ofesi yakeyake ku New York, ndipo adakhala mmodzi mwa anthu oyamba ku America kudya za ntchito yolinganiza kapangidwe ndi maonekedwe a katundu wa m'mafakitale. Doris Marks, yemwe adabwera kudzayendetsa za ndalama ndi makalata mu ofesiyo, adakhala mkazi wake m'chaka cha 1930 ndipo adapitiriza kuyendetsa bizinesiyo. Chaka chomwe ofesiyo idatsegulidwa ndi chomwenso chuma cha America chidagwa. Mafakitale omwe katundu wawo adaleka kuyenda malonda adayamba kufunafuna anthu oti awauze chomwe ogula ankafuna.

Telefoni

Kampani ya Bell, yomwe inkayendetsa pafupifupi matelefoni onse a ku America, idaitana akatswiri ojambula khumi kuti aliyense ajambule telefoni ya m'tsogolo. Dreyfuss adali mmodzi mwa oitanidwawo, koma monga adachitira ku Macy's, adakana. Adawauza kuti maonekedwe a telefoni ayenera kuchokera ku zomwe zili mkati mwake ndi momwe anthu amaigwiritsira ntchito, choncho sakadajambula kanthu popanda kugwira ntchito ndi mainjiniya awo. Akuluakulu a kampaniyo adaganiza kuti mainjiniya angamupherere luso. Patapita miyezi ingapo adabwereranso kwa iye, zojambula za enawo zitapezeka kuti n'zosatheka kupanga. Ubale womwe udayamba m'chaka cha 1930 udapitirira zaka makumi angapo.

Chimodzi mwa zinthu zoyamba zomwe adachita chidali kuyenda ndi munthu wokonza matelefoni, ngati womuthandizira, kulowa nyumba ndi nyumba. Ankafuna kuona komwe anthu amaika telefoni, momwe amainyamulira, chomwe chimathyoka msanga ndi chomwe chimavutitsa wokonza. Panthawiyo telefoni sinkagulidwa. Kampani inkabwereketsa kwa anthu, ndipo ikaonongeka ndalama zokonzera zinkatuluka m'thumba la kampaniyo. Choncho kulimba ndi kusavuta kukonza zidali zofunika zoyambirira, osati zongoonjezera.

Telefoni yotchedwa Model 302, yomwe iye adathandiza kulinganiza, idatuluka m'chaka cha 1937. Koma njira yake imaoneka bwino pa Model 500 ya m'chaka cha 1949. Matelefoni a nthawi imeneyo adalibe mabatani. Adali ndi kagudumu ka mabowo khumi, ndipo munthu ankalowetsa chala m'bowo la nambala yomwe akufuna n'kuzungulitsa. Pa matelefoni akale manambala ankalembedwa pansi pa mabowowo, kotero chala chinkawaphimba ndipo pakapita nthawi ankafufutika. Pa Model 500 manambala adawatulutsa n'kuwaika mozungulira kunja kwa kagudumuko, kuti azioneka ngakhale munthu ayang'ane chammbali. M'bowo lililonse adaikamo kadontho koti chala chizilunjikapo.

Chigawo chonyamula m'manja, chomwe mbali ina imakhala kukhutu ndipo ina kukamwa, adachilinganiza potsatira miyeso ya nkhope za anthu ambiri, kuti mtunda wa pakati pa khutu ndi pakamwa ukwanire ochuluka. Anthu adali ndi chizolowezi chopanikiza chigawochi pakati pa phewa ndi tsaya kuti manja azilemba, ndipo chakale chinkaterereka chifukwa msana wake udali wobulungira. Chatsopanocho adachipanga chamsana wophwatalala kuti chizikhazikika paphewa. Pansi pa telefoniyo adaikapo posinthira kukula kwa phokoso la belu, kuti mwini nyumba azichepetsa kapena kukweza yekha. Chilichonse mwa zosinthazi chidayamba ngati vuto lomwe wina adaliona m'nyumba ya munthu, n'kulembedwa ngati chofunika, kenako n'kusanduka chitsulo ndi pulasitiki. Model 500 idapangidwa mamiliyoni ambirimbiri ndipo idakhala m'nyumba ndi m'maofesi a ku America kwa zaka zoposa 30.

Kuvala nsapato za mwini ntchito

Dreyfuss sankakhutira ndi malipoti olembedwa ndi ena. Pofuna kumvetsa ogula mawotchi odzutsa anthu m'mawa, adakaima kuseri kwa kauntala ya sitolo ngati wogulitsa. Kumeneko adaona mayi wina atanyamula wotchi imodzi kudzanja lamanja, ina kumanzere, akuziyeza kulemera, ndipo adagula yolemerayo. Kwa injiniya, kupepuka kudali kupambana. Kwa wogula, wotchi yopepuka inkaoneka ngati yosalimba. Palibe fomu ya mafunso yomwe ikadatulutsa mfundo imeneyi, chifukwa mayiyo mwina sankadziwa n'komwe kuti ndi momwe amasankhira.

Pa zaka zonse za ntchito yake, iye adachapa zovala, adaphika, adasoka pa makina, adayendetsa thirakitala ndi injini ya sitima yapamtunda, adamwaza manyowa m'munda, adagwira ntchito pamalo olumikizira matelefoni ndiponso adakwera galimoto yankhondo ya akasinja. Adavalako ngakhale kachipangizo kothandiza kumva kwa tsiku lathunthu kuti adziwe zomwe ovala amakumana nazo. Cholinga sichidali kuti akhale katswiri pa ntchito zonsezi, koma kuti thupi lake limve pomwe pamapweteka, pomwe dzanja silifika ndi pomwe maso amatopa.

Njirayi idabala katundu wosiyanasiyana: firiji ya General Electric, makina ochapira ogulitsidwa ndi Sears, makina oyamwa fumbi a Hoover a m'chaka cha 1936, mawotchi a Big Ben a kampani ya Westclox, ndiponso makamera a Polaroid. Chitsanzo china chodziwika ndi kachipangizo kapakhoma ka Honeywell kosinthira kutentha kwa m'nyumba, komwe kadatuluka m'chaka cha 1953. Tizipangizo takale tidali tamakona anayi, ndipo mmisiri akapendeketsa pang'ono pokhoma, mwini nyumba ankaona kupendekekako tsiku ndi tsiku. Ka Dreyfuss kadali kozungulira, choncho sikakadaoneka kopendekeka. Munthu ankangokapotokola, ndipo chivundikiro chake chinkatha kupakidwa utoto wofanana ndi khoma.

Mpando wa mlimi

M'chaka cha 1937 injiniya wa kampani ya John Deere, Elmer McCormick, adachoka ku Waterloo m'chigawo cha Iowa kukaonana ndi Dreyfuss ku New York. Mathirakitala a kampaniyo adali olimba, koma ankaoneka ngati mulu wa zitsulo woikidwa pa magudumu. Dreyfuss, mwana wa mumzinda yemwe sankadziwa za ulimi, sadachedwe kukwera sitima kupita ku Waterloo kukaona fakitale ndi minda.

Mathirakitala a mtundu wa A ndi B omwe adatuluka m'chaka cha 1938 adali ndi chivundikiro cha injini chopyapyala, kuti woyendetsa aziona mizere ya mbewu kutsogolo kwake, ndipo zitsulo zomwe zidali pamtunda adazivundikira. Koma ntchito yaikulu idadza pambuyo pake, pomwe chidwi chidachoka pa injini kupita kwa munthu wokhala pamwamba pake. Mlimi ankatha tsiku lonse pampando wachitsulo, akugwedezeka ndi kupotoza khosi kuyang'ana khasu kumbuyo, ndipo ambiri ankadwala msana.

Ofesi ya Dreyfuss idaitana dokotala Janet Travell, katswiri wa ululu wa minofu ndi msana, yemwe m'chaka cha 1961 adakhala dokotala wa Pulezidenti John F. Kennedy. Mothandizana naye adalinganiza mpando wochirikiza msana, womwe unkasinthidwa malinga ndi kutalika ndi kulemera kwa woyendetsa. Mpandowo udali pa mathirakitala atsopano omwe John Deere idaonetsa mumzinda wa Dallas pa 30 Ogasiti 1960. Zogwirira zoyendetsera adazisanja pomwe dzanja lingafike mosavuta, ndipo adazisiyanitsa kuti munthu wotopa asagwire cholakwika. Pa makina oti kulakwitsa kamodzi kungadule mkono, zimenezi sizidali zokongoletsa chabe.

Mafunso asanu

M'buku lake la m'chaka cha 1955, lotchedwa Designing for People, Dreyfuss adafotokoza mfundo zisanu zomwe ofesi yake inkayezera katundu aliyense. Yoyamba idali yakuti katunduyo agwire ntchito yake ndipo asavulaze munthu. Yachiwiri, asavute kusamala, kutsuka ndi kukonza. Yachitatu, mtengo wopangira ukhale woti fakitale ndi wogula angaukwanitse. Yachinayi, akope wogula pomuonetsa kuti ndi wodalirika. Yachisanu ndiyo idali ya maonekedwe.

Kandandalikidwe kake kadali ndi tanthauzo. Munthu yemwe ankadziwika ngati wokongoletsa katundu adaika kukongola kumapeto, pokhulupirira kuti mfundo zinayi zoyambazo zikatsatidwa bwino, mbali yaikulu ya maonekedwe imakhala itadzipanga kale. Mndandandawu unkathandizanso pakabuka mkangano pakati pa injiniya, wowerengera ndalama ndi wotsatsa malonda, chifukwa onse ankakhala atagwirizana kale chomwe chiyenera kutsogola.

Kuti mtengo udali chofunika chenicheni zidaoneka pa sitima yapamtunda ya Mercury. Kampani ya New York Central idamupempha kuti alinganize sitima yatsopano, koma mitengo yomangira itabwera idapezeka yokwera kwambiri ndipo ntchitoyo idaimitsidwa. Ali paulendo wa pasitima, Dreyfuss adaona mabogi akale atangoimikidwa pabwalo la kampaniyo ku Mott Haven. Adabwerera kwa akuluakuluwo ndi ganizo loti mabogi omwewo akonzedwenso m'malo momanga atsopano. Mercury idayamba kuyenda pakati pa Cleveland ndi Detroit m'chaka cha 1936 ndipo anthu adaikonda. Patatha zaka ziwiri, kampaniyo idamupatsa sitima yake yapamwamba, 20th Century Limited, yomwe inkayenda mtunda woposa makilomita 1,500 kuchokera ku New York kukafika ku Chicago m'maola 16. Pa sitimayi adalinganiza zonse, kuyambira chivundikiro cha injini mpaka mbale zodyera.

Adazindikiranso kuti anthu amachita mantha ndi chinthu chachilendo kotheratu. Pachifukwa ichi ankasiya dala kanthu kena kozolowereka pa katundu watsopano, kuti wogula akamuona adziwe pogwira ndi poyambira. Kwa iye, chizolowezi cha anthu chidali chofunika china choyenera kulembedwa pamndandanda, osati umbuli woti authetse.

Joe ndi Josephine

Kuyang'ana kokha sikukadauza injiniya kuti chogwirira chikhale masentimita angati kuchoka pampando. Pankafunika manambala. Nthawi ya nkhondo yachiwiri yapadziko lonse, ofesi ya Dreyfuss idagwira ntchito zingapo za asilikali, kuphatikizapo kukonza malo okhala woyendetsa mkati mwa akasinja, momwe munthu amapanikizika pakati pa zitsulo. Ntchito zoterezi zidaonetsa kufunika kodziwa bwino kukula kwa thupi la munthu ndi pomwe manja ndi miyendo yake ingafike.

Kuchokera apo padabadwa zithunzi ziwiri, cha mwamuna ndi cha mkazi, zomwe adazitcha Joe ndi Josephine. Zidajambulidwa ndi Alvin Tilley, injiniya wa mu ofesiyo, ndipo zidali zodzaza ndi miyeso: kutalika munthu ataima ndi atakhala, pomwe mkono ungafike, kukula kwa chikhatho, mbali yomwe diso limaona popanda kutembenuza mutu. Sizidaonetse munthu wapakatikati yekha, koma wamng'ono, wapakati ndi wamkulu, popeza chitseko chopangira munthu wapakatikati chimagunda mutu wa wamtali, ndipo shelefu yake wamfupi saifikira. M'chaka cha 1960 miyesoyi idasindikizidwa pa mutu wakuti The Measure of Man, ndipo idapachikidwa m'makoma a maofesi ambiri a olinganiza katundu ndi omanga nyumba.

Gawo lomaliza lidali kuyesa. Dreyfuss sankalola kuti fakitale iwononge ndalama pa makina oumbira katundu asanayesedwe ndi anthu enieni. Ankayamba ndi zojambula, kenako zoumba zadothi ndi zamatabwa, pomaliza chinthu chachikulu ngati chenicheni. Pokonza zipinda za sitima zapamadzi za Independence ndi Constitution, zomwe zidayamba maulendo m'chaka cha 1951, ofesi yake idamanga zipinda zoyeserera pamtunda n'kuitana anthu kuti abwere ndi masutikesi awo monga apaulendo. Ankawayang'ana akumasula katundu, kuti aone ngati makabati akukwana ndiponso ngati munthu angatembenuke bwinobwino. Cholakwa chopezeka pa chipinda chamatabwa chimakonzedwa ndi sowo ndi misomali. Chopezeka sitima itamangidwa kale chimakhala chikusautsa apaulendo kwa zaka zambiri.

Pomwe njirayi idaperewera

Sikuti zonse zinkayenda bwino. M'chaka cha 1959 kudatuluka telefoni ya Princess, yaing'ono, yokhala ndi kanyali, yopangidwira pambali pa bedi. Idakwaniritsa zomwe idalinganizidwira: kuchepa, kupepuka ndi kukongola. Koma itafika m'nyumba za anthu, ambiri adadandaula kuti inkaterereka patebulo akamazungulitsa kagudumu ka manambala, moti ankachita kuigwira ndi dzanja linalo. Kampani idachita kuikamo chitsulo cholemera kuti izikhazikika. Ofesi ya munthu yemwe adaphunzira za kulemera kwa katundu kwa mayi wogula wotchi uja idaphonya mfundo yomweyo pa telefoni. Chofunika chimodzi chikakwaniritsidwa mopitirira, chimatha kupha chinzake chomwe palibe adachilemba.

Joe ndi Josephine nawo adali ndi malire awo. Miyeso yambiri ya amuna idachokera kwa asilikali a ku America, omwe adali anyamata athanzi osankhidwa kale, ndipo ya amayi idali yochepa poyerekeza. Okalamba, olumala ndi anthu a m'maiko ena sadaimiridwe mokwanira. Akatswiri a pambuyo pake adadzudzulanso kuti Joe ankaonetsedwa pa makina akuluakulu pomwe Josephine ankakhala pa ntchito zapakhomo ndi polumikizira matelefoni, monga momwe anthu a nthawiyo ankaganizira. Ofesi yomwe adaisiya idapitiriza kukonza miyesoyo, ndipo buku lomwe lidatuluka m'chaka cha 1993 lidatchedwa The Measure of Man and Woman. Phunziro lake n'lakuti yemwe sadayezedwe ndi kufunsidwa poyamba, katunduyo akatuluka amapezeka kuti sadamuganizire.

Ena ankanena kuti olinganiza katundu a m'badwo wake adali antchito a otsatsa malonda, ongosintha maonekedwe kuti anthu ataye chakale n'kugula chatsopano. Dreyfuss sankabisa kuti katundu ayenera kugulidwa ndi kubweretsa phindu. Komabe adasiyana ndi anzake ena, monga Raymond Loewy yemwe dzina lake linkamveka paliponse, chifukwa iye sankafuna kuti katundu azioneka kuti ndi wa Dreyfuss. Ankavala masuti a mtundu umodzi wokha, wofiirira, ndipo makampani monga Bell ndi John Deere adakhala nawo zaka zambiri, akukonza pang'onopang'ono katundu yemweyo.

Zaka zomaliza

Pakati pa zaka za m'ma 1940 banja lake lidasamukira ku California, komwe adatsegula ofesi yachiwiri. Adali mmodzi mwa omwe adayambitsa bungwe la akatswiri a ntchitoyi m'chaka cha 1944, ndipo mabungwe angapo ataphatikizana m'chaka cha 1965 kupanga Industrial Designers Society of America, iye adakhala mtsogoleri wake woyamba. Adapuma pa ntchito ya mu ofesi m'chaka cha 1969.

Zaka zotsalazo adazithera pa vuto lina lomwe adaliona pa makina ogulitsidwa kunja kwa America. Thirakitala yolembedwa malangizo m'Chingerezi imafika kwa woyendetsa yemwe sawerenga chinenerocho, mwinanso sawerenga n'komwe. Yankho lake lidali zizindikiro zomwe munthu angazimve pongoziona. Pamodzi ndi mkazi wake ndi omuthandiza, adasonkhanitsa zizindikiro zikwizikwi zochokera m'maiko osiyanasiyana, za pamsewu, zachipatala, zaulimi ndi za m'mafakitale. Buku lotchedwa Symbol Sourcebook lidatuluka m'chaka cha 1972, ndipo mndandanda wa zamkati mwake udalembedwa m'zinenero 18 kuti anthu ambiri athe kuligwiritsa ntchito.

M'chaka chomwecho Doris adali akudwala khansa yomwe idafika posachiritsika. Pa 5 Okutobala 1972 awiriwo adapezeka atamwalira kunyumba kwawo ku South Pasadena, ndipo akuluakulu ofufuza adapeza kuti adadzipha limodzi. Dreyfuss adali ndi zaka 68. Adakhala m'banja zaka 42, akugwira ntchito limodzi nthawi yonseyo.

Lero makampani opanga mafoni, magalimoto ndi mapulogalamu a pakompyuta ali ndi nthambi zathunthu za anthu omwe ntchito yawo ndi kuyendera ogwiritsa ntchito katundu, kuwayang'ana, kulemba zosowa zawo motsatira kufunika kwake ndi kuyesa chitsanzo chisanapite kufakitale. Maina a njirazi asintha ndipo zipangizo zoyezera zapita patsogolo, koma ndondomeko yake ndi yomwe ija Dreyfuss adaitsata kuyambira ku Sioux City, komwe vuto la nyumba yamtengo wapatali lidapezeka pa nsapato za alimi, atadikira masiku atatu pakhomo.